Ntchito Iti Ikudikira Inzake? Mawu kwa Eni Mabizinesi ndi Akapitawo

 Ena mwa inu mwatseka mashopu ndi kusiya antchito okhaokha kuti mudzakhale pano m'mawa uno. Ndikudziwa kuti mitima ina ili komweko, choncho sindizungulira.

Ndabwera ndi funso limodzi, ndipo ndilibwereza mpaka mutope nalo: pa ntchito yaikulu imene muli nayo m'manja, ndi ntchito iti ikudikira inzake? Ntchito zambiri zimachedwa eni ake ali pikitipikiti, thukuta lili kamukamu. Chimene chimadya miyezi ndi kudikirana. Wokhoma denga akudikira womanga, womanga akudikira simenti, simenti ikudikira ndalama, ndalama zikudikira kusaina kwa munthu amene sakudziwa n'komwe kuti amuna khumi akhala pansi pa mtengo chifukwa cha iye. Kudikirana kotereku simungakuone mukafika pamalo a ntchito. Kumaoneka pa pepala, ngati pepalalo lajambulidwa bwino.

Mfundo zanga ndi zinayi. Yoyamba, tchati cha ntchito n'chiyani ndipo chinachokera kuti. Yachiwiri, tijambulira limodzi tchati chimodzi. Yachitatu, kunena zoona pa tchaticho. Yachinayi, zimene tchati sichingakuchitireni.

Mfundo yoyamba. Tengani pepala lalikulu, muligoneke chopingasa. Kumanzere kwake, kuyambira pamwamba kutsika m'munsi, lembani ntchito zonse zofunika kuchitika, iliyonse pamzere wakewake. Pamwamba pa pepalalo, kuchokera kumanzere kulowera kumanja, lembani masabata: 1, 2, 3, mpaka sabata yomaliza. Kenako pamzere wa ntchito iliyonse jambulani kandodo koyambira pa sabata imene ntchitoyo iyambe, kukathera pa sabata imene ithe. Ntchito ya masiku ochepa, kandodo kakafupi. Ya miyezi, kandodo kakatali. Basi, n'chomwecho. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kuchiwerenga, ndipo mphamvu yake yagona pamenepo: kapitawo amene sangapirire lipoti la masamba 30 amatha kuima patsogolo pa tchati n'kuloza ndi chala pamene pavuta.

Tchatichi chimadziwika ndi dzina la Henry Gantt, injiniya wa ku America amene anabadwa mu 1861 n'kumwalira mu 1919. Gantt anagwirapo ntchito ndi Frederick Taylor m'mafakitale a zitsulo a Midvale ndi Bethlehem, ndipo cha m'ma 1910 anali kujambula matchati oonetsa zinthu ziwiri pamodzi: zimene zinayenera kuchitika pofika tsiku lakutilakuti, ndi zimene zachitikadi. America italowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1917, mkulu woyang'anira zida za asilikali, General William Crozier, anagwiritsa ntchito matchati a Gantt polondoloza kapangidwe ka zida, ndipo matchatiwo anafikanso kwa opanga sitima zapamadzi. Mu 1922 Wallace Clark analemba buku lofotokoza njirayi, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zingapo.

Koma chilungamo chikufuna kuti titchulenso munthu wina. Mu 1896 Karol Adamiecki wa ku Poland, amene ankagwira ntchito m'mafakitale a zitsulo, anali atapanga kale tchati chake. Iye ankalemba m'Chipolishi ndi m'Chirasha, motero a ku America ndi ku Britain sanamumve msanga, ulemu n'kugwera wina. Ine Adamiecki ndimamukonda, chifukwa tchati chake chinkaonetsa ntchito imene iyenera kutha kuti inzake iyambe. Funso lathu lija iye analifunsa zaka zoposa 120 zapitazo. Ndipo dziwani kuti anthu onsewa analibe kompyuta. Anali ndi pensulo, rula ndi pepala. Ndanena izi chifukwa cha anzanga ena amene amati adzayamba kukonza ntchito mwadongosolo akadzagula laputopu.

Mfundo yachiwiri, ndipo pano ndikhalitsapo. Tiyerekeze kuti mayi wina akufuna kutsegula chigayo cha magetsi pafupi ndi msika wa kwawo. Akufuna kuti chiyambe kulira pa 1 Meyi, chimanga chatsopano chikamalowa m'nyumba. Manambala amene nditchule ndi ongoyerekeza. Inu mukaikepo anu.

Choyamba alembe ntchito zonse, osasiyako ngakhale zija zosatulutsa thukuta. Chilolezo cha malo ndi pulani ku khonsolo, masabata 4. Maziko, masabata 2. Makoma, masabata 3. Denga, sabata imodzi. Kuthira konkire pamene padzakhale makina ndi kuidikira kuti ikhwime, masabata 4, pakuti mphamvu ya konkire imene mainjiniya amawerengera ndi ya pa masiku 28. Kumbali ina kuli ngongole ya ku banki, masabata 6. Kuitanitsa makina kunja, kuyambira tsiku lolipira, kudzera padoko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kuombola katundu m'malire mpaka lole kufika pakhomo, masabata 12. Kukoka magetsi amphamvu oyendetsa mota yaikulu, masabata 14. Pomaliza kumangirira makina, sabata imodzi, ndi kuwayesa, sabata imodzi.

Mukangophatikiza zonsezi mupeza masabata 48, pafupifupi chaka chathunthu, ndipo mayi wathu akhoza kugwa mphwayi. Koma ntchito zina zimayendera limodzi. Apa m'pamene muyenera kuyenda mzere ndi mzere mukufunsa kuti: iyi ikudikira iti? Maziko akudikira chilolezo. Makoma akudikira maziko. Makina akudikira ngongole, chifukwa wogulitsa satumiza katundu asanaone ndalama. Kupempha magetsi sikudikira kuti nyumba ithe. Fomu yake ipite sabata yoyamba. Kumangirira ndi kuyesa makina kukudikira zinthu zitatu: nyumba, makinawo ndi magetsi. Paliponse pamene ntchito ikudikira inzake, jambulani kamuvi kuchokera kumapeto kwa kandodo kodikiridwa kukafika kumayambiriro kwa kodikirako.

Mukatero, pepala likuonetsani njira zitatu zopita ku tsiku lotsegulira. Njira ya nyumba ndi masabata 14. Njira ya magetsi, 14. Njira ya ngongole ndi makina, 18. Onjezanipo masabata 2 omangirira ndi kuyesa, mupeza 20. Njira yaitali kuposa zonse ndiyo imalamula tsiku lotsegulira. M'mabuku amaitcha critical path, ndipo amene anakonza kawerengedwe kake mu 1957 ndi James Kelley wa kampani ya Remington Rand ndi Morgan Walker wa kampani ya DuPont.

Amayi muli muno zimenezi mumazidziwa kale. Alendo akamabwera masana, ndiwo zake nyemba zouma, mumatereka nyemba m'mamawa chifukwa zimatenga maola, nsima n'kuphika alendo atafika kale. Mukachedwa kutereka nyemba ndi ola limodzi, chakudya chonse chachedwa ndi ola limodzi, ngakhale muitane anthu asanu odzathandiza kuvundula nsima. Pa chigayo chathuchi, nyemba ndi ngongole ndi makina.

Tsono taonani zimene zimachitika kawirikawiri. Mayi wathu tsiku lililonse amalawirira kumalo omangira kukazazira amisiri kuti akuzengereza, mwinanso kulemba aganyu ena asanu. Uku fomu ya ku banki ili m'chikwama, ikudikira chikalata chimodzi chimene sanapeze nthawi yokatenga. Amisiri aja ali ndi mpata wa masabata 4: akhoza kuchedwa mwezi wathunthu, tsiku lotsegulira osasuntha. Koma tsiku lililonse limene fomu ija yagona m'chikwama ndi tsiku limene chigayo chidzachedwe kulira. Ndibwereze, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani yonse: tsiku lotayika pa njira yaitali latayika pa ntchito yonse, pamene tsiku lotayika pa njira zinazo mwina silipweteka aliyense. Ukali wa mayi wathu ukupita kumene kulibe vuto, ndipo ndalama za aganyu owonjezera aja zapita m'madzi. Palinso ntchito zina zimene sizimva kuchuluka kwa anthu. Konkire mungaiimirire anthu 50, masiku ake 28 ndi omwewo.

Tsopano werengani chobwerera m'mbuyo. Masabata 20 kuchokera pa 1 Meyi akufikitsani cha pa 12 Disembala. Lembani miyezi yeniyeni pamwamba pa tchati, muone zimene zivumbuluke. Maziko ndi makoma agwera mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pachimake, mitsinje yadzaza moti mchenga sutapika, ndipo lole singafike pamalopo chifukwa cha matope. Ndiye kuti mchenga, miyala ndi mabuloko ziyenera kufika mu Novembala, ndipo zimenezo zikufuna ndalama za m'thumba ngongole isanatuluke. Umenewo ndi mzere watsopano pa tchati. Ngongole ituluka chakumapeto kwa Januwale. Ngati makinawo akuchokera ku China, chaka chatsopano cha kumeneko chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, ndipo mafakitale amatseka kwa sabata kapena kuposerapo. Ngati akuchokera ku South Africa, makampani ambiri kumeneko amatseka kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, nthawi yomweyo imene inu mukufuna kotesheni yopita nayo ku banki. Ndipo kwathu kuno, mukudziwa nokha, kukhala ndi makwacha ku akaunti sikutanthauza kuti madola apezeka tsiku lomwelo. Kudikira ndalama zakunja kukhale ndi kandodo kakekake. Zonsezi mwaziona mutakhala pampando m'mwezi wa Okutobala, musanawononge ndi tambala yomwe.

Wina afunsa kuti: nanga kutalika kwa kandodo ndikudziwa bwanji? Funsani amene adzagwire ntchitoyo, koma mumufunse mwanzeru. Mmisiri mukamufunsa kuti makoma atha liti, amakuuzani masiku a dziko limene mvula sigwa, maliro sachitika ndipo simenti sisowa m'sitolo. Sikuti ndi wabodza. Ndi mmene mutu wa munthu ulili, ndipo akatswiri a kaganizidwe Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analemba za chizolowezichi mu 1979: tonsefe timachepetsa nthawi imene ntchito yathu idzatenge. Asilikali apamadzi a ku America, pamene ankapanga mizinga ya Polaris mu 1958, anakonza njira yotchedwa PERT, imene imafunsa katatu. Zonse zikayenda bwino, masabata angati? Mmene zimakhalira nthawi zambiri, angati? Nanga zikavuta, angati? Tinene kuti mmisiri wayankha 2, 3 ndi 7. Tengani yankho loyamba, kuphatikiza lapakati kanayi, kuphatikiza lomaliza, mupeza 21. Gawani ndi 6, ndiye masabata atatu ndi theka. Ngati masamu amakupwetekani mutu, musasiye funso lachitatulo. Ndi limene limatsegula pakamwa pa mmisiri kuti atchule zimene akuopa.

Chomaliza pa mfundo imeneyi: mzere uliwonse ukhale ndi dzina la munthu mmodzi. Akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. "Komiti" si dzina. "Tonse" si dzina. Mzere wa magetsi ndi wa uje, ndipo uje yemweyo ndi amene adzayankhe.

Mfundo yachitatu, kunena zoona. Tchati chimene mwajambula tsiku loyamba ndi lonjezo chabe. Chimasanduka chida mukayamba kuchidetsa. Lolemba lililonse m'mawa imani patsogolo pake ndi onse amene mayina awo ali pamizere, mphindi 15 zokha, chiimirire, kuti pasakhale wokamba za mpira. Kokani mzere wofiira kuchokera pamwamba kutsika pansi, pa tsiku la lero. Aliyense adetse kandodo kake kufika pamene ntchito yafikadi. Kandodo kamene kudetsa kwake sikunafike pa mzere wofiira, kachedwa. Funso lotsatira n'lomwe lija: ndani akudikira ameneyu? Ngati kali pa njira yokhala ndi mpata, lembani n'kupitirira. Ngati kali pa njira yaitali, zina zonse ziyambe zaima, mukambirane zimenezo.

Chenjerani ndi mawu akuti "yatsala pang'ono". Ntchito ikhoza kutsala pang'ono kwa miyezi itatu. Musafunse kuti mwafika pati. Funsani kuti chatsala n'chiyani, ndipo chitenga masiku angati. Kandodo kakatali, ngati kaja ka masabata 12 a makina, kaduleni m'zidutswa zokhala ndi umboni: ndalama zapita, makina akwera sitima, afika padoko, aomboledwa m'malire, atsika pakhomo. Chilichonse mwa izi chachitika kapena sichinachitike. Palibe "pang'ono" pakati pake.

Ngati mukuganiza kuti matenda amenewa ndi a ife tokha, tamverani. Bwalo la ndege la Berlin Brandenburg ku Germany linayamba kumangidwa mu 2006, ndipo ankati litsegulidwa mu 2011. Tsikulo linasunthidwa kufika pa 3 Juni 2012. Makampani a ndege anali atagulitsa kale matikiti. Kutatsala masabata osakwana anayi, akuluakulu analengeza kuti sizitheka, chifukwa zipangizo zoteteza anthu ku moto ndi utsi sizinali bwino. Bwalolo linatsegulidwa pa 31 Okutobala 2020. Kuona kwanga, vuto lofuna zaka 8 kuti ntchito iwongoke silibadwa m'masabata anayi. Linalipo kale, koma uthenga wake sunafike pa tebulo loyenera m'nthawi yake, kapena unafika n'kusamvedwa. Ndipo sindikukayika kuti matchati anali nawo, okongola kuposa athu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndiyankhule ndi inu mabwana. Tchati chimanena zoona ngati anthu anu saopa kunena zoona. Kapitawo akadziwa kuti akanena kuti tachedwa mumunyoza pamaso pa anzake kapena kumudula malipiro, adzadetsa kandodo kake mpaka pa mzere wofiira, inu n'kumagona tulo tabwino mpaka tsiku limene zonse zidzaphulike. Amene wabwera msanga kudzanena kuti zinthu zikupendekeka, muthokozeni, chifukwa wakupatsani masabata oti muchitepo kanthu. Wofunika kumudzudzula ndi amene anadziwa n'kukhala chete.

Chinanso, musafufute tchati choyamba. Madeti akasintha, jambulani kandodo katsopano pansi pa kakale ndi cholembera cha mtundu wina, kakaleko kazionekabe. Pali anthu amene amafufuta n'kusuntha madeti mwezi uliwonse, ndipo pa pepala sachedwa ndi tsiku limodzi lomwe, chonsecho banki ikuwerenga chiwongoladzanja. Kusiyana kwa tindodo tiwirito ndi kumene kudzakuphunzitseni kuwerengera bwino ntchito yotsatira.

Mfundo yachinayi ndi yachidule: zimene tchati sichingakuchitireni. Sichingakusankhireni chimene mukufuna. Nyumba yotchuka ya zisudzo ya Sydney Opera House ku Australia inayamba kumangidwa mu 1959, boma litafulumiza ntchito pulani ya denga isanathe. Ankati itha mu 1963 pa mtengo wa madola a ku Australia 7 miliyoni. Nsanamira zina zimene zinali zitamangidwa kale zinapezeka kuti sizingasenze dengalo, n'kumangidwanso. Wojambula mapulani ake, Jørn Utzon, anasiya ntchitoyo mu 1966. Inatha mu 1973, itadya madola 102 miliyoni. Chimodzimodzi mayi wathu: akaganiza mu Febuluwale zoonjezera makina opunthira mpunga, nyumba ikula, mota ichuluka, ngongole isintha, ndipo tchati chonse chijambulidwenso. Aonjezere ngati akufuna, koma ayambe waona pa pepala kuti 1 Meyi yasanduka liti.

Tchati sichikuchenjezaninso chokha ngati mwasenzetsa munthu mmodzi katundu wa anthu atatu. Muyenera kuchiwerenganso chotsika: pa sabata imodzi, dzina limodzi likuoneka pamizere ingati? M'mabizinesi athu ang'onoang'ono dzina limenelo nthawi zambiri ndi la mwini wake, amene akufunika ku banki, ku khonsolo ndi kumalire tsiku lomwelo. Mapanga awiri avumbwitsa. Gawani mizereyo.

Za kompyuta, Excel imajambula tchati chotere bwinobwino, ndipo pali mapulogalamu opangidwira ntchito imeneyi monga Microsoft Project, amene amakuwerengerani okha njira yaitali mukasintha deti limodzi. Ndi othandiza mizere ikachuluka kwambiri kapena anthu anu akakhala m'mizinda yosiyana. Koma pa ntchito ya mizere 20 kapena 30, ine ndimasankha pepala lomata pakhoma pamene aliyense amadutsa. Tchati chokhala m'laputopu ya bwana yekha, amachiona ndi bwana yekha. Amene ali kutali muwajambulire chithunzi Lolemba lililonse n'kuwatumizira pa WhatsApp. Ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku, yotsegula shopu m'mawa n'kutseka madzulo, sifuna tchati chimenechi, musadzivutitse nacho.

Amayi ndi abambo, pempho langa ndi ili. Musanagone lero, tengani ntchito imodzi yaikulu imene muli nayo, kaya ndi nyumba ya lendi, kaya ndi oda ya mayunifolomu a sukulu, kaya ndi kutsegula nthambi yachiwiri. Lembani ntchito zake zonse pamizere, muike dzina la munthu pa uliwonse, mujambule timivi, mupeze njira yaitali. Sabata ino isanathe muitane amisiri anu, muwaimike patsogolo pa pepalalo, muwalole akutsutseni pamene mwalakwitsa masiku. Ndipo mawa m'mawa, musanapite kwina kulikonse, yambani ndi ntchito imene ili kumayambiriro kwa njira yaitaliyo.